Mwadya Nsima pa Chiwelu, Sikelo Yakwera pa Mande: Kodi Dayeti Yafa?

Ni pa Mande m'mawa. Mwatsika minibasi yochokera ku Chawama, mukudula pakati pa mashopu a mu Kamwala kuti mufike pa nchito abwana asanatsegule geti. Pakhonde la shopu ina pali kamnyamata kali ndi sikelo pansi, kaja kamene kamalipiritsa kakobiri kuti munthu adziyeze. Mwavula nsapato, mwakwerapo. Nsonga yazungulira, yaima. Makilo awiri pamwamba pa amene munali nawo pa Chisanu.

Mtima wangoti myuu. Masabata atatu athunthu munalimba. Munasiya buledi, munasiya shuga mu tiyi, vitumbuwa vya pakona munkavipita ngati simukuviona. Anzanu akamapita kukadya nsima ku Luburma Market masana, inu munkatsegula kontena ya mazira owiritsa, repu ndi kotapela. Siketi inayamba kumanga popanda nkhondo, lamba linabwerera boo limodzi. Ndiye kunabwera kitchen party ya mwana wa aunty ku Mtendere. Mpunga, chipisi, nkhuku, keke, masofti awiri ozizira. Madzulo ake kunyumba, amai akupatsani nsima ndi kapenta, ndipo munthu sukana mbale ya amai.

Manje mwaima pambali pa sikelo, nsapato m'manja, ndipo kamawu kena mumtima kakunena kuti: "Nasiya chabe, vonse vaonongeka." Musanasiye, werengani kaye nkhani iyi mpaka pansi. Makilo awiri amenewo ali ndi nkhani yake, ndipo ambiri amene amataya dayeti pa Mande amataya chifukwa chosadziwa zimene sikelo ikuwauza.

Dayeti imeneyi inafika bwanji mu komboni?

Kuchepetsa zakudya za sitachi ndi shuga, zimene ambiri amazitcha ma carbs, si nzeru ya pa WhatsApp ya chaka chatha. Mu 1863, mdala wina wa ku London, William Banting, amene nchito yake inali yokonza maliro ndi mabokosi, analemba kabuku kofotokoza mmene anachotsera makilo pafupifupi 20 m'chaka chimodzi. Dokotala wake anamuuza kuti asiye buledi, shuga, mowa ndi mbatata. Mu 1972 dokotala wa ku America, Robert Atkins, anaitchukitsanso ndi buku lake. Kuno kwathu inafika mwamphamvu kudzera ku South Africa, kumene Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi anzake anatulutsa buku la The Real Meal Revolution mu 2013. N'chifukwa chake mukamva wina mu saluni akunena kuti "nili pa Banting", dzina akutchulalo ndi la mdala uja wa mabokosi.

Chifukwa chimene ambiri akuithamangira chilipo. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi World Health Organization mu 2017 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi pa anayi alionse m'Zambia ndi wonenepa kupitirira mlingo, ndipo kwa azimayi ndi pafupifupi mmodzi pa atatu. Kunenepa kotere kumayendera limodzi ndi BP ndi matenda a shuga. Choncho amene akuyesa kuchepetsa thupi sakuchita za matama. Ena akufuna kulowa mu diresi ya ukwati, inde, koma ena anaona atate awo akudulidwa mwendo chifukwa cha shuga, ndipo safuna njira yomweyo.

Vuto ndi lakuti mabuku amenewa analembedwa ndi anthu amene sanakulire pa nsima. Kuno munthu akadya mpunga ndi nkhuku amanena kuti sanadye. Pa maliro pali nsima, pa chilanga mulilo pali nsima, kwa apongozi pali nsima, ndipo kukana kuli ndi mtengo wake. Munthu wa mu Kanyama kapena mu George amene ali pa dayeti imeneyi adzaterereka ndithu tsiku lina. Funso lofunika ndi lakuti chimachitika n'chiyani m'thupi akaterereka.

Makilo awiri aja ambiri ndi madzi

Thupi lanu lili ndi kasitolo ka shuga. Mukadya nsima, mpunga kapena kandolo, sitachi imasanduka shuga m'magazi. Shuga amene simunagwiritse nchito nthawi yomweyo amasungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo madokotala amamutcha glycogen. Munthu wamkulu amasunga magalamu pafupifupi 400 mpaka 500: cha m'ma 100 m'chiwindi, otsalawo m'minofu. Galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa ndi madzi okwana pafupifupi magalamu atatu.

Chitani masamu. Magalamu 500 a glycogen kuphatikiza magalamu 1,500 a madzi ndi makilo awiri.

Mukukumbukira sabata yoyamba ya dayeti, mmene munkathamangira ku toileti kawirikawiri, ndi mmene sikelo inatsikira msanga mpaka munajambula chithunzi kutumizira mnzanu? Kasitolo kaja kankatha, ndipo madzi ake ankatuluka. Pa Chiwelu munakadzazanso, madzi nawonso abwerera. Onjezerani mchere wa mu chipisi, soseji ndi supu ya paphwando, umene umagwira madzi m'thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri. Onjezeraninso chakudya chenichenicho, chimene chikadali paulendo m'matumbo. Zonsezi sikelo imawerenga, chifukwa sikelo sidziwa kusiyanitsa mafuta, madzi ndi keke ya dzana.

Mukabwerera ku kadyedwe kanu, madzi amenewa amatuluka okha m'masiku ochepa. Kwerani sikelo yomweyo pa Chisanu m'mawa, musanadye, mutavala zovala zolemera mofanana, ndipo mudzaona. Nkhani imeneyi ili ndi mbali ina yowawa pang'ono: makilo amene munachotsa sabata yoyamba aja, nawonso ambiri anali madzi. Mafuta enieni amachoka pang'onopang'ono, nthawi zambiri theka la kilo pa sabata kapena kupitirira pang'ono.

Nanga mafuta abwerera angati?

Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ili ndi makalori pafupifupi 7,700. Kuti munenepe makilo awiri a mafuta enieni, mufunika kudya makalori opitirira 15,000 pamwamba pa zimene thupi lanu limatentha. Unga wa chimanga uli ndi makalori cha m'ma 360 pa magalamu 100 alionse. Ndiye kuti mufunika kudya nokha nsima ya unga wopitirira makilo anayi, kuwonjezera pa chakudya chanu cha tsiku ndi tsiku. Ngakhale akatswiri a nsima a pa Intercity sangakwanitse zimenezo pa weekend imodzi.

Tiyerekeze kuti pa Chiwelu munadyadi mopanda chifundo, mpaka munapitirira ndi makalori 1,500 pa zimene thupi limafuna. Amenewo ndi mafuta osapitirira magalamu 200. Manje onani mwezi wonse. Ngati tsiku lililonse mumadya mochepera ndi makalori 400, pa masiku 30 mumachotsa 12,000, kapena kuti pafupifupi kilo imodzi ndi hafu. Mukaterereka tsiku limodzi lokha m'mwezi umenewo, mumatsala ndi cha m'ma 10,000, amene ndi makilo 1.3. Mwachedwa ndi masiku anayi kapena asanu basi. Ulendo ukadalipo.

Pa mwezi mumadya pafupifupi mbale 90. Mbale imodzi kapena ziwiri sizingagonjetse 88 zinazo.

Keto ndi low carb si chimodzi

Apa mpofunika kudziwa kuti muli pa dayeti iti, chifukwa ambiri amasakaniza mayina. Low carb wamba ndi kudya ma carbs osapitirira magalamu 130 pa tsiku. Keto ndi yolimba kwambiri: magalamu 20 mpaka 50 okha. Kuti muone kuchepa kwake, silaisi imodzi ya buledi ili ndi magalamu cha m'ma 15. Softi wamba amakhala ndi shuga wa magalamu pafupifupi 10 pa 100 ml iliyonse, ndiye botolo la 500 ml lingamalize lokha bajeti yonse ya tsiku. Magalamu 100 a unga ali ndi ma carbs cha m'ma 75. Mitanda iwiri ya nsima imakutulutsani mu keto musanasambe m'manja.

Ma carbs akachepa choncho, chiwindi chimayamba kusandutsa mafuta kukhala ma ketone, amene ubongo ndi minofu zimagwiritsa nchito m'malo mwa shuga. Imeneyo ndiyo ketosis. Mukadya mbale ya mpunga, insulin imakwera, thupi limabwerera ku shuga, ketosis imaima. Kuti ibwerere, kwa ambiri zimatenga masiku awiri mpaka anayi, malinga ndi kuchuluka kwa zimene munadya ndi mmene mumayendera. Amene amakankha wilibala pa Soweto kapena kunyamula mabelo a salaula tsiku lonse amamaliza glycogen msanga kuposa amene amakhala pa tilu.

M'masiku amenewo ena amamvanso zija za sabata yoyamba: mutu kuwawa, kufooka, kukwiya msanga, kulakalaka zotsekemera. Ena mimba imatupa usiku womwewo wa phwando. Ichi ndi chifukwa chake keto yolimba ndi kuterereka kwa sabata iliyonse siziyendera limodzi. Mumakhala mukulowa ndi kutuluka, mukumva kuwawa kwa pakhomo nthawi zonse, osakhazikika mkati.

Palinso china. Thupi limene lakhala masiku ambiri osaona sitachi limachedwa kulandira shuga wambiri wobwera nthawi imodzi, ndipo shuga wa m'magazi amakwera kuposa masiku onse. Mu 2019, ofufuza a pa University of British Columbia ku Canada anaika anyamata asanu ndi anayi athanzi pa keto kwa masiku asanu ndi awiri, kenako anawamwetsa madzi a shuga wa magalamu 75. M'magazi awo munaoneka zizindikiro zakuti mitsempha ya magazi yavutika. Anali anthu ochepa, ndipo kafukufukuyo anali wa masiku ochepa, choncho musachite mantha. Phunziro lake ndi losavuta: ngati muterereka, musayambire pa masofti awiri pamimba yopanda kanthu. Mtanda wa nsima wodyera ndiwo zamasamba ndi nsomba umalowa m'magazi mochedwa kuposa shuga wa m'botolo.

Ndipo dziwani kuti kutuluka mu ketosis sikuletsa kuyonda. Munthu amayonda akamadya mochepera pa zimene thupi likutentha, kaya ali mu ketosis kaya ayi.

Choopsa chili m'mutu

Chimene chimapha dayeti zambiri chimachitika pambuyo pa phwando. Pa Sondo mwadzuka ndi chisoni, mwati: "Si nadya kale mailo, lekani nisilizile." Mwagula mabanzi. Pa Mande sikelo yakupatsani makilo awiri aja, mwati mudzayambanso pa 1. Pa 1 pafika, malipiro alowa, anzanu akuitana ku michopo ndi ka Mosi. Mwati mudzayamba Januwale.

Akatswiri a maganizo anaona khalidwe limeneli kalekale. Mu 1975, Peter Herman ndi Deborah Mack ku America anaitana atsikana a pa yunivesite kuti alawe ice cream. Ena anawapatsa kaye milkshake, ena sanawapatse. Amene sanali pa dayeti, atakhuta milkshake anadya ice cream wochepa, monga mmene mungayembekezere. Koma amene ankadziletsa zakudya anachita zosiyana: atamwa milkshake anadya ice cream wambiri kuposa anzawo a dayeti amene sanamwe. M'mutu mwawo lamulo linali litasweka kale, ndiye panalibenso chotetezera.

Zili ngati munthu amene wagwetsa K20 mu minibasi, ndiye chifukwa cha mkwiyo wataya chikwama chonse pawindo.

Kafukufuku wina angakulimbitseni mtima. Phillippa Lally ndi anzake a pa University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera khalidwe latsopano, monga kudya chipatso masana kapena kuyenda tsiku lililonse. Zotsatira zinatuluka mu 2010. Kuti khalidwe lizike mizu zinkatenga masiku cha m'ma 66, ena mochepera, ena mochuluka kwambiri. Ndipo kuphonya tsiku limodzi sikunasokoneze kanthu kooneka. Amene anapitiriza tsiku lotsatira anazolowera ngati anzawo.

Koma tisanamizane. Mawu akuti "mwa apo ndi apo" ali ndi malire. Bwererani ku masamu aja. Kuyambira pa Mande mpaka pa Chisanu mukuchotsa makalori 400 pa tsiku, onse pamodzi 2,000. Pa Chiwelu ndi pa Sondo mukupitirira ndi 1,000 tsiku lililonse. Zotsala ndi ziro. Mwavutika masiku asanu kuti mulipire masiku awiri. Ndipo 1,000 sivuta kufika: botolo limodzi la mowa wa lager lili ndi makalori cha m'ma 150, ndiye mabotolo anayi ndi mbale ya chipisi mwafika kale. Mowa uli ndi makalori asanu ndi awiri pa galamu, pafupi ndi mafuta amene ali ndi asanu ndi anayi, ndipo umachotsa manyazi pa mbale. Chibuku, maheu ndi munkoyo wothira shuga nazonso ndi chimanga chakumwa. Ngati weekend iliyonse muli ndi chifukwa, kumeneko sikuterereka. Ndiyo dayeti yanu yeniyeni.

Dayeti yabwino ndi imene mungakhale nayo

Mwina mukuganiza kuti low carb ili ndi matsenga amene amatha mukangolawa nsima. Ofufuza a pa Stellenbosch University ku South Africa, motsogozedwa ndi Celeste Naude, anasonkhanitsa kafukufuku 61 wa anthu pafupifupi 7,000, ndipo anatulutsa zotsatira mu 2022. Anayerekezera low carb ndi dayeti zina zochepetsa thupi zimene zimalola sitachi pamlingo. Mpaka zaka ziwiri, kusiyana kwa makilo kunali kochepa kwambiri, cha m'ma kilo imodzi kapena kuchepera. Ku Stanford ku America, kafukufuku wa anthu 609 amene anatuluka mu 2018 anapeza zofanana: patatha chaka, a low carb anachotsa makilo 6, a zakudya zochepa mafuta anachotsa 5.3.

Ndiye low carb imagwira nchito, makamaka chifukwa imachotsa shuga, masofti, mabisiketi ndi vitumbuwa, ndipo mazira, nsomba ndi nyama zimakhalitsa m'mimba. Koma chimene chimasiyanitsa woyonda ndi wobwerera ndi kukhalitsa pa njirayo. Ngati keto yolimba ikukugwetsani Chiwelu chilichonse, mwina njira yanu ndi mtanda umodzi wa nsima ya roller meal pa tsiku, ndiwo zambiri, tiyi wopanda shuga, chaka chonse. Roller meal ili ndi gaga wambiri kuposa breakfast, imakhalitsa m'mimba, ndipo ndi yotchipa. Imeneyi simungaitche keto, koma mungaikwanitse ngakhale kwa apongozi.

Amene sayenera kuchita masewera

Kwa munthu wathanzi, kuterereka kamodzi ndi nkhani yaing'ono. Kwa ena ndi nkhani ya chipatala.

Ngati muli ndi matenda a shuga ndipo mumabaya insulin kapena kumwa mapilisi monga glibenclamide, kusiya ma carbs mwadzidzidzi kungagwetse shuga mpaka kukomoka, ndipo kudya phwando lonse tsiku limodzi kungamukweze moopsa. Mankhwala anu anayezedwa mogwirizana ndi mmene mumadyera. Musasinthe kadyedwe musanakambirane ndi adokotala kapena anesi. Chimodzimodzi amene amamwa mankhwala a BP, chifukwa madzi ndi mchere zikatuluka BP imatha kutsika mpaka chizungulire. Azimayi apakati, oyamwitsa, odwala impso ndi amene ali pa mankhwala a TB, dayeti yolimba si yanu pakali pano.

Ngati muli pa ma ARV ndipo mwaona thupi likukwera, dziwani kuti mankhwala ena, monga aja okhala ndi dolutegravir, amanenepetsa anthu ena. Musasiye kapena kudumpha mapilisi chifukwa cha sikelo. Kanenereni ku kiliniki kumene mumatengera mankhwala.

Ngati akuuzani kuti mukayezetse shuga, kuja komwetsa madzi a shuga, auzeni kuti muli pa low carb. Mayeso amenewo amafuna kuti munthu akhale akudya ma carbs okwanira kwa masiku atatu asanayezedwe, apo ayi zotsatira zinganame.

Ndipo ngati mukaterereka mumadzisanzitsa, mumamwa mankhwala otsegula m'mimba, kapena mumakhala masiku osadya podzilanga, imeneyo yasiya kukhala dayeti. Ndi matenda, ndipo ali ndi thandizo. Yambirani pa kiliniki ya Kamwala kapena imene muli nayo pafupi, akafunika adzakutumizani ku UTH. Matiyi oyondetsa ogulitsidwa pamsewu ndi pa Facebook nawonso ambiri amangotsegula m'mimba ndi kukodzetsa. Amachotsa madzi ndi ndalama, mafuta amatsala.

Chochita pa Mande

Mbale yotsatira ikhale ya masiku onse. Musadumphe chakudya cha m'mawa pofuna kubweza ngongole, chifukwa njala ya 15:00 idzakupezani pafupi ndi masamusa, ndipo mudzagonja. Mazira awiri ndi tomato, kapena nshawa zokazinga dzanja limodzi ndi tiyi wopanda shuga, zikwanira.

Imwani madzi, chepetsani mchere kwa masiku awiri. Yendani. Ngati mumakwera basi yachiwiri kuchoka mu tauni kubwera mu Kamwala, yendani wapansi sabata ino. Minofu ikamagwira nchito imadya glycogen uja, ndipo ya basi imatsala m'thumba. Gonani mokwanira, chifukwa tulo tochepa timakulitsa njala ndi chilakolako cha zotsekemera.

Sikelo ipatseni tchuthi mpaka pa Chisanu. Kuyeza kamodzi pa sabata, tsiku lomwelo, nthawi yomweyo, sikelo yomweyo, ndiko kumanena zoona. Azimayi, kumbukirani kuti masiku oyandikira kumwezi thupi limagwiranso madzi. Njira ina yosanama ndi chingwe: yezani m'chiuno pa mchombo kamodzi pa mwezi. Chiuno chanu chisapitirire theka la kutalika kwanu.

Zotsala za phwando zimene anakulongedzerani mu kontena, gawirani ana a pa yadi lero lomwe. Keke yokhala pamaso imadyedwa.

Kenako dzifunseni moona mtima chimene chinakugwetsani. Ngati linali phwando la m'banja, palibe mlandu. Koma ngati inali njala chifukwa ndalama ya nyama inatha pa 20, vuto ndi bajeti, ndipo yankho lili pamsika. Low carb ya kuno sifunika tchizi wa ku mall. Kapenta wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu, mazira, ma soya, vinkubala, chibwabwa chotendera, kalembula, bondwe, delele, impwa, kabichi, repu, kotapela pa nyengo yake: zonsezi zili pa Luburma ndi pa Soweto. Binzi zili ndi sitachi, koma zili ndi gaga ndi mapuloteni, ndipo zimakhutitsa kuposa buledi. Samalani chabe ndi saladi. Supuni imodzi yaikulu ya mafuta ophikira ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo ambiri amene sakuyonda pa low carb repu wawo amasambira.

Phwando lotsatira mulikonzekere

Kalendala ya m'banja mumaidziwa. Ukwati wa msuweni, matebeto, Khisimasi, zonse zimabwera ndi chenjezo. Sankhani nokha tsiku limene mudzadya nsima kapena mpunga, ndipo mudye mokondwa. Kuterereka kokonzekera kumatha pa mbale imodzi. Kobwera ndi manyazi ndiko kumatenga sabata.

Musapite ndi njala. Idyani mazira kapena nshawa musananyamuke. Pa mzere wa chakudya, yambani ndi ndiwo zamasamba ndi nkhuku kapena nsomba, kenako sankhani sitachi imodzi: mpunga, chipisi kapena nsima, osati zonse zitatu. Sankhaninso pakati pa keke ndi softi. M'dzanja mukhale botolo la madzi, chifukwa dzanja lopanda kanthu ndilo amaliika Fanta.

Kwa akuluakulu, ulemu uli ndi njira zake. Pa maliro kapena kwa apongozi, sambani m'manja, khalani pansi, dyani mtanda umodzi pang'onopang'ono ndi ndiwo zambiri. Akakakamiza, "Zikomo amai, nakhuta maningi, ndiyo zakoma" amatseka nkhani bwino kuposa kufotokoza za ketosis. Ngati muli ndi BP kapena shuga, nenani poyera kuti a ku kiliniki anakuuzani kuchepetsa. Akuluakulu amalemekeza mawu a chipatala.

Konzekeraninso pakamwa pa anthu. Kuno munthu akanenepa amati zikuyenda, akayonda amayamba kunong'ona kuti akudwala kapena banja lavuta. Ambiri amaterereka dala kuti atseke pakamwa pa aneba. Pezani munthu mmodzi, kaya ndi mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mnzanu wa pa shopu, amene akudziwa chifukwa chake mukuchita izi, kuti tsiku lolemera mukhale ndi womuimbira foni.

Manje valani nsapato zanu, mupatseni kakobiri kake mnyamata wa sikelo, fulumirani ku nchito. Masana, anzanu akanyamuka kupita ku Luburma, pitani nawo. Itanitsani nsomba, chibwabwa ndi delele, ndipo ngati mtima ukufuna, mtanda umodzi wa roller meal. Pa Chisanu m'mawa mubwerenso pakhonde lomweli mudzakwere sikelo.